Mano a Likongwe ndi Mapiko a Woweruza

Padangotero, abale anga, kalekale nyama zikadali ndi mabwalo awo a milandu, misika yawo ndi malo awo omwera mowa, kunali woweruza wamkulu dzina lake Nyalugwe. Mkuluyu sankakonda kanthu kena padziko koma mapiko a nkhuku. Ntchafu ayi, chidali ayi, nthutumba imene akuluakulu anzake amalimbirana iye ankangoikankhira kwa antchito. Iye mapiko basi. Ndiye anaika lamulo loti aliyense woba nkhuku, kaya yathunthu, kaya phiko limodzi lokha, azulidwe mano onse. Wozula manowo anali Nkhanu, ndipo ntchito yakeyo ankaikonda mopitirira muyeso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zaka zinkapita woweruzayo osamva kukoma. Ophika ankawasintha ngati malaya. Mbale inkalowa m'nyumba, n'kutuluka phiko litalumidwa pang'ono, n'kukaikidwa pakhonde kudikira ntchentche.

Tsiku lina masana Likongwe ankadutsa kuseri kwa nyumbayo. Likongwe mukumudziwa: thupi lalitali, timiyendo tatifupi, pakamwa posatopa. Anaona mbale pakhonde. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kutola phiko limodzi. Asanameze n'komwe, dzanja linamugwira pakhosi. Linali dzanja la Chiuli, msilikali wa pabwalo, amene akagwira chinthu sataya ngakhale mvula igwe.

Pabwalo mlandu sunatalike.

"Waba?" anafunsa Nyalugwe.

"Ndatola, bwana. Zinali zotsala."

"Zotsala zako?"

"Zanu, bwana."

"Ndiye waba. Lamulo likuti ngakhale phiko limodzi. Nkhanu, sendera kuno."

Nkhanu anasendera chammbali monga amayendera, zopanira zake zikulira kha, kha. Mantha anamugwira Likongwe mpaka kumchira. Likongwe wopanda mano ndi ndaninso? Ndiye kuti phala m'mawa, phala masana, mpaka kumanda. Koma mutu wake sunagone. Anayamba kuseka kaseko kowawa.

"Ukuseka chiyani?" anatero Nyalugwe.

"Sindikuseka inu, bwana, ndikudziseka ndekha. Mano onsewa apite chifukwa cha phiko lija? Likanakhala phiko lenileni bwenzi ndikuti chabwino, ndavutikira zokoma. Koma lija, pepani bwana, ndimangomva ngati ndikutafuna chikopa cha ng'oma."

Pabwalo aliyense ankadikira kuti woweruza alusa. M'malo mwake Nyalugwe anaweramira kutsogolo, maso ali gwa.

"Iweyo umawadziwa mapiko enieni?"

"Ine, bwana? Palibe lesitilanti, palibe bala, palibe chiwaya m'dziko muno chimene sindikuchidziwa."

Limeneli silinali bodza. Kungoti malo onsewo Likongwe ankawadziwira kuseri, kumene amataya mafupa.

"Ndikupatsa masiku atatu," anatero Nyalugwe. "Undipezere phiko loti ndikadya ndinene ndekha kuti ili ndiye phiko. Ukalipeza, mlandu wako ndiuonanso. Ukalephera, dzuwa la tsiku lachitatu likamapendeka Nkhanu agwira ntchito yake. Chiuli azipita nawe kulikonse."

Likongwe anawomba m'manja mothokoza, koma khutu lake linali litamva bwino. Mkuluyo sanati ndidzakumasula. Anati ndiuonanso.

M'mawa mwake awiriwo ananyamuka, Likongwe patsogolo, Chiuli pambuyo atagwira chingwe chimene anamumanga nacho. Ali m'njira Likongwe anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yotsanzikana ndi mano ake. Ankatchula dzino limodzilimodzi, kuyambira la kutsogolo, kulikumbutsa zokoma zimene linatafunapo, n'kuliuza kuti liyende bwino. Povomera pake panali kamawu kotsanzira zopanira za Nkhanu. Nyimbo yoteroyo imafuna wovomera, koma Chiuli anangoti kukamwa tseke, ndiye Likongwe ankaimba yekha n'kudzivomera yekha.

Anafika ku lesitilanti ya a Ng'azi, malo a nsalu zoyera patebulo, kumene nyama zimadya ndi foloko ngakhale zili ndi zikhadabo zabwinobwino. Likongwe analowera kukhomo la kutsogolo koyamba m'moyo wake.

"Iwe si uja timakuthamangitsa kudzala?" anatero a Ng'azi.

"Uja ndi msuweni wanga, timafanana. Ine ndine wofufuza mapiko wa bwana woweruza. Funsani asilikaliwa."

Chiuli anagwedeza mutu. Basi, a Ng'azi anasanduka ena. Anakoka mpando, anapukuta tebulo loyera kale, anathamangira kukhitchini. Kunabwera mapiko okazinga ndi adyo, othira madzi a mandimu, akufuka nthunzi. Likongwe anadya limodzi, n'kunena kuti limenelo linali la kumanzere, ayenera kumvanso la kumanja. Atadya la kumanja anati aja anali a thadzi, nanga a tambala. Anafika khumi. Ndipo kunena zoona, abale, anali okoma. Mumtima anati mano anga apulumuka.

Anatenga ena m'mbale yovundikira n'kubwerera. Koma paja chakudya cha woweruza sichinkangolowa m'nyumba. Mwambo unali wakuti Chiuli ayambe walawa, kenako onse adikire mthunzi wa nkhokwe ufike pamtondo, kuti aone ngati wolawayo agwe. Akapanda kugwa, mbale ilowe, woweruza adye yekha chitseko chili chotseka, poti wamkulu saoneka akutafuna.

Chiuli analawa. Anakhala pansi. Mthunzi unkayenda ngati ukudwala.

"Achimwene," ananong'ona Likongwe, "inuyo mamba ikakulumani mumangogona pang'ono n'kudzuka. Ndiye mankhwala ake ati angakugwetseni?"

"Ine ndimangolawa," anatero Chiuli. "Zofunsa si ntchito yanga."

Mthunzi utafika pamtondo mbale inalowa. Sipanapite nthawi inatuluka, phiko litalumidwa pang'ono.

"Chikopa cha ng'oma chomwe chija," anatero Nyalugwe ali pakhomo. "Atsala masiku awiri."

Pansi pa khonde panamveka kha, kha.

Tsiku lachiwiri Likongwe anaimbanso nyimbo yake, tsopano akutsanzikana ndi mano a m'mbali, amene amaswa mafupa. Pofika povomera, Chiuli anang'ung'udza kamodzi mosazindikira, kenako n'kutsokomola ngati chinali chifuwa.

Ulendo uno anapita ku bala ya Nkhandwe. Linali Loweruka masana, ndipo malowo anali atadzaza. Nkhandwe ankawotcha mapiko pamakala panja, akuwaza mchere ndi tsabola wa kambuzi mosaumira. Si kuti anali wopatsa ayi. Ankadziwa kuti lilime likapsa, mmero umaitanitsa mowa.

"Wofufuza mapiko?" anatero Nkhandwe akumuyang'ana Likongwe cham'mbali. "Chabwino, mnzanga. Tonse timadyera nzeru. Khala apo."

Likongwe anadya mpaka misozi, mamina chuchuchu, koma dzanja osasiya mbale. Akudya choncho ankaona zochitika pamabenchi. Wina akagula mbale ya mapiko, woyandikana naye ankangoti, "Tilawe nawo," mwini mbale n'kuisendeza. Wodziwana naye, wosadziwana naye, chimodzimodzi. Amene wapatsa lero ndi amene apemphe mawa, ndiye panalibe womana. Ngakhale Chiuli, nkhope yake yoopsa ija, wina anamusendezera mbale, iye n'kutola, n'kunyambita zala.

Tsopano Likongwe anati achenjere. Anakulunga mapiko m'masamba a nthochi akadali moto, n'kuuza Chiuli kuti athamange. Anathamanga mpaka malilime panja. Anafika mapiko akutenthabe. Koma mthunzi wa nkhokwe suthamangira munthu. Chiuli analawa, onse anakhala pansi, Likongwe akuonerera mafuta akuuma n'kuyera pamasamba paja. Mtima unamuwawa zedi.

Mbale inalowa, mbale inatuluka.

"Chikopa chothira tsabola," anatero Nyalugwe. "Latsala tsiku limodzi."

Madzulo amenewo Likongwe anamangiriridwa pamtondo. Ankayendetsa lilime pamano ake, akuganiza. Mapiko a a Ng'azi analibe mlandu, a Nkhandwe analibe mlandu. Ngakhale atapeza phiko lotsika kumwamba, likafika pakhonde paja lidzazizira basi. Ndipo ngakhale litakoma, mkulu uja angoti wachita bwino, koma lamulo ndi lamulo. Panafunika china.

"Achimwene," anaitana Chiuli, "bwana wanuyu anayamba wapemphapo kanthu?"

"Apemphe kwa ndani? Zonse n'zake."

"Ngakhale mchere?"

"Amangotambasula dzanja. Mchere umabwera wokha."

"Chibadwire?"

"Chibadwire."

Likongwe anapinda mchira wake n'kutsamirapo, akumwetulira.

Kutacha anapempha kuonana ndi woweruza.

"Bwana, phiko lija ndalidziwa kumene lili. Lili pachiwaya cha Mphamba, kumsika. Koma mapiko amenewo sayenda ulendo. Amadyedwa pomwepo, choimirira."

"Ine ndikaime pachiwaya?"

"Inuyo ayi, bwana. Mukapita inuyo, Mphamba anjenjemera, avundikira mbale, apatsa Chiuli, tiyamba kudikira mthunzi. Apite munthu wamba wofanana nanu msinkhu."

Nyalugwe anakana kamodzi, anakana kawiri. Koma nkhuli ya zaka zambiri si yocheza nayo. Kachitatu anafunsa kuti munthu wambayo amavala chiyani. Likongwe anamupaka dothi lofiira thupi lonse mpaka mawanga onse anabisika, anamuveka chikhoti chong'ambika ndi chipewa chamlaza chofika m'maso. Anamuuzanso kuti asadye kanthu m'mawawo, kuti lilime likafike lili loyera.

"Chiuli atitsatire," anatero Nyalugwe. "Anyamule Nkhanu m'dengu. Phikolo likakhala chikopa, mano ako atsala kumsika komweko."

"Ndi bwino kutero, bwana," anatero Likongwe. "Nkhanu asatsale."

Kumsika sikunali kutali, koma tsiku limenelo kunatalika. Likongwe anati njira yachidule ili ndi anthu owadziwa bwana, adzere ina. Anaima kupereka moni kwa azakhali ake, moni wofunsa ana onse mmodzimmodzi. Anaima kuchotsa minga imene sinamubaye. Akuyenda ankaimba nyimbo ija, lero akutsanzikana ndi mano otsala a kumapeto, ndipo kumbuyo Chiuli ankavomera poyera, Nkhanu m'dengu akuthandiza ndi zopanira zenizenizo. M'mimba mwa woweruza munkalira ngati ng'ona. Chibadwire anali asanamvepo njala.

Likongwe ankachidziwa chiwaya cha Mphamba. Mapiko ankatha dzuwa likangodutsa pamutu. Anafika nthawi yomweyo, fungo likuwalonjera patali, mafuta akuti thethethe, Mphamba akuvuula mapiko anayi otsiriza n'kuwaika m'mbale ya mayi wina.

"Mapiko, achimwene," anatero Likongwe.

"Atha. Kwatsala makosi ndi zipalapasiro. Mapiko mawa."

"Mawa?" anatero Nyalugwe, mawu akutuluka mopyapyala.

Mayi wa mbale uja anali a Nungu, ogulitsa mbatata pamsikapo, mayi odziwika kuti minga ili kumsana koma yoopsa kwambiri ili pakamwa. Anaima pambali pa chiwaya, n'kuwaza tsabola pamapiko awo mosafulumira. Likongwe anasendera.

"Mayi, tilawe nawo."

"Tolani, alamu," anatero a Nungu, osayang'ana n'komwe.

Likongwe anatola. Anaima pamaso pa woweruza n'kuluma pang'onopang'ono. Khungu linalira khrr. Nthunzi inatuluka. Mafuta anatsikira kuchigongono, iye n'kuwatsatira ndi lilime.

"Mwaona, bwana?" ananong'ona. "Mawu awiri okha. Pemphani."

"Ine ndipemphe kwa wogulitsa mbatata?"

"Pano ndi mmene amachitira."

Nyalugwe anachita zimene ankadziwa. Anatambasula dzanja n'kudikira. Palibe chinabwera. A Nungu anayang'ana dzanjalo, anayang'ana chipewa, n'kuganiza kuti mwina bamboyu akuona ngati kukugwa mvula. Anatola phiko lawo n'kudya. M'mbale munatsala awiri.

Dzanja linali chitambasulire. Milomo ya woweruza inayesa kuyenda, koma mawu aja sanatuluke. Kenako a Nungu anatembenuka kukapempha mchere kwa Mphamba. Dzanja lija, abale, silinafunse mwini wake. Linangoti tsomphu, phiko lili m'kamwa.

Linali lotentha. Linali la mchere wake, tsabola wake, khungu louma bwino kunja, mnofu wofewa m'kati. Nyalugwe anatsinzina. Anaiwala chipewa, anaiwala msika, n'kunena mokweza, m'kamwa muli todzaza:

"Ili ndiye phiko."

A Nungu anatembenuka. Anayang'ana m'mbale.

"Anali awiri," anatero. Minga yonse inaima. "Bambo inu, mwapempha ndani? Anthuni, wakuba!"

Msika wonse unakhamukira pachiwaya. Koma woyamba kufika anali Chiuli. Iye akamva mawu akuti wakuba, dzanja limatsogola, mutu umabwera pambuyo. Anagwira pakhosi. Chipewa chinagwa. Thukuta la ulendo uja linali litatsuka dothi kumaso, ndipo mawanga anaonekera bwinobwino, mafuta ali noninoni kundevu. Anthu anabwerera m'mbuyo. Chiuli anazindikira amene wamugwira, koma paja iye sataya.

Dengu linagwedezeka, Nkhanu n'kusuzumira.

"Lamulo likuti ngakhale phiko limodzi," anatero mwaulemu. "Tiyambe ndi ati?"

Nyalugwe anayendetsa lilime pamano ake, monga ankachitira Likongwe pamtondo paja. Anachita mantha, mantha enieni. Nyalugwe wopanda mano ndi mphaka wamawanga chabe.

Apa Likongwe analowa pakati, akupukuta zala.

"Mayi, pepani, awa ndi alendo anga. Za pachiwaya sazidziwa. Sikuti aba ayi, alawa. Angoiwala kupempha." Kenako anatembenukira kwa woweruza. "Koma oweruza ndinu, bwana. Ngati kutola phiko limodzi chifukwa cha nkhuli kuli kuba, ndiye Nkhanu ali ndi ntchito ziwiri lero. Ine ndakonzeka. Kungoti ndine mwana, sindingatsogole akuluakulu."

Wina kumbuyo anaseka, n'kudzitseka pakamwa. Nyalugwe anayang'ana Nkhanu, anayang'ana Likongwe. Anadziwa kuti kanyamaka kamuyendetsa dala, kuyambira dothi lija mpaka moni wa azakhali. Anafuna kulusa, koma kukoma kunali kukadali m'kamwa.

"Bwalo lagamula," anatero, mawu akuvutika kudutsa m'dzanja la Chiuli. "Phiko limodzi si mlandu wa mano. Langa, ndi la Likongwe lomwe. Chiuli, taya."

Chiuli anataya. Akuti kanali koyamba.

"Bwalo lagamula zake," anatero a Nungu, minga ikadali chiimire, "koma mbale ndi yanga. Akuti mwaiwala kupempha. Chabwino, mwakumbuka tsopano. Pemphani, tonse timve."

M'mbale munali phiko limodzi. Nyalugwe anatola chipewa chija n'kuchigwira ndi manja awiri pachifuwa. Mawu anatuluka aang'ono, ngati a mwana woyamba kulankhula.

"Mayi, tilawe nawo."

A Nungu anamuyang'ana, kenako minga inagona. Anathyola phikolo pamfundo, mbali ya mnofu n'kusunga okha, kansonga n'kumupatsa.

"Tolani, alamu."

Woweruza wamkulu anaima pachiwaya, pakati pa ogulitsa mbatata ndi onyamula katundu, akukukuta kansonga ka phiko anthu onse akuona. Ndipo ndikuuzeni, anakondwa. Zaka zonse zija ankadya yekha kuseri kwa chitseko, osadziwa kuti chimene chinkasowa m'mbale mwake si adyo kapena kambuzi. Mphamba anamuvuulira khosi la nkhuku, woweruzayo n'kusendeza mbale kwa Chiuli asanapemphedwe n'komwe.

Likongwe anayambitsa nyimbo ija, koma tsopano anaitembenuza. Ankaitana dzino limodzilimodzi kuti libwerere paulendo, ntchito ikadalipo. Msika wonse unavomera, ndipo pa kamawu ka zopanira paja aliyense ankalumanitsa mano akeake. Amene sanaimbe anali Nkhanu yekha. Anatuluka m'dengu mwakachetechete n'kulowera kumadzi, ndipo mpaka lero mukamupeza amakweza zopanira m'mwamba, kufunsa ngati pali ntchito.

Yanga yathera pamenepa, yatsala mafupa okhaokha. Amene ali ndi mano akukute.